Musatsuke Beseni la Amayi

Okondedwa Achemwali,

Landirani moni wa manja awiri, ngakhale kuti ali mbuu ndi ufa. Muli bwanji kumeneko? Nanga bondo lija likukuvutanibe, kapena munamvera alamu n'kupita nalo kuchipatala? Ine kuno ndili bwino, kupatula kachifuwa kaja kamene kamandipeza kukayamba kuzizira.

Kalata yanu ndinalandira. Ndamva kuti mwapeza munthu wa lendi woti alowe m'nyumba ya amayi mwezi uno ukatha. Mwachita bwino, nyumba yopanda munthu sichedwa kugwa. Koma musanagwire tsache ndi sopo, werengani kaye kalata ino mpaka pansi. Musadumphe mizere ngati mmene mumachitira ndi mapepala a mankhwala.

Ntchito ndi yomwe ija ya kochapira zovala ku hotela, kusita nsalu za pabedi za anthu amene sindidzawaona nkhope. Chatsopano n'chakuti Loweruka masana ndimapita kukaphunzira kuphika buledi. Musaseke. Ndikudziwa kuti mwa ana onse a amayi, ine ndi amene ndinkathawa beseni n'kumatulukira buledi atapsa. Anandikokera kumeneko ndi mnzanga amene ndimakhala naye, yemwe timamutchula kuti Wailesi chifukwa pakamwa pake sipatsekeka. Iye sanachedwe kutopa nazo, ine n'kutsalira.

Timaphunzirira kuseri kwa sitolo ina, m'chipinda chokhala ndi tebulo lalitali lachitsulo ndi mauvuni kukhoma. Aphunzitsi ndi bambo wachikulire, wa mikono ikuluikulu, wosalankhulalankhula. Buledi wawo si wofewa uja wa m'mapulasitiki. Ndi wolimba kunja, wamabowo m'kati, wowawasa pang'ono. Yisiti wa m'sitolo safuna n'kumuona komwe. Tsiku loyamba anatigawira aliyense botolo lokhala ndi kamtanda kamadzimadzi kochita thovu, n'kutiuza kuti n'kamoyo, ndipo ndi kamene kamafufumitsa buledi. Tsiku lililonse umayenera kukathira ufa ndi madzi, ukapanda kutero kamafa. Kenaka anatiuza dzina lake. M'chilankhulo cha kuno kamtanda kameneka amakatcha mayi.

Loweruka lotsatira, ndikungolowa pakhomo, aphunzitsi anandifunsa ngati mayi anga ndawadyetsa. Anafunsa mwachizolowezi, akupukuta tebulo, ndipo anzanga onse ankayankha funso lomwelo akuseka. Ine m'maganizo ndinakuonani inuyo mutakhala m'mphepete mwa bedi, supuni ili m'manja, amayi atatembenukira kukhoma, monga mmene munkandiuzira pafoni miyezi yomaliza ija. Ndinalowa m'bafa n'kutsegula mpopi kuti asandimve kulira.

Funsolo amafunsa mlungu uliwonse, ndipo sindinalizolowere. Choonjeza n'chakuti ndikatsegula botolo m'mawa, fungo limene limatuluka ndi la epuloni ya amayi. Lenilenilo, achemwali, lija tinkalimva akatikumbatira. Apa m'pamene ndinakumbukira kamtanda kaja ankapatula tsiku lililonse n'kusunga m'chitini cha mkaka, kamene ankati ndi mbewu, n'kumanena kuti anakatenga kwa agogo tsiku limene ankakwatiwa. Ine ndinkayesa kuti n'kuumira chabe, kukana kugula yisiti. Kani buledi amene kuno anthu amamuphunzira atavala zipewa zoyera ndi yemweyo amayi ankagulitsa pageti.

Lilime langa nalo layamba zake. Anzanga akamanena za mabotolo awo amati chafufuma, chatsika, chasasa. Ine ndinangodzimva tsiku lina ndikuuza Wailesi kuti lero adzuka bwino, adya, asawagwedeze akupuma. Anandiyang'ana ngati ndapenga, n'kufunsa kuti akupumawo ndani. Ndayesetsa kuti ndizinena kuti icho, koma pakamwa pakukana.

Palinso china chimene sindinauze munthu. Aphunzitsi amatiletsa kukanda ndi mphamvu. Amati upinde mtanda, uusiye, udikire, upindenso, ndiye mukudziwa kuti ine zoti kuona maso a nkhono n'kudekha sindinabadwe nazo. Mtanda ukakonzeka timaucheka pamwamba ndi lezala kuti utseguke bwino mu uvuni. Tsiku lina buledi wanga anatuluka ali ndi kadzenje pakati. Aphunzitsi anamunyamula, n'kufunsa amene anandiphunzitsa kudinda ndi chala. Ine sindikukumbuka n'komwe ndikudinda. Inu chizindikiro chimenecho mukuchidziwa, n'chimene anthu ankadziwira buledi wa amayi. Ndinaika chala changa chachikulu m'kadzenjemo ndipo chinakwana ndendende. Sindikunena za mizukwa, musathamangire kwa abusa. Ndikungokuuzani kuti njira yonse yobwerera ndinamufungatira bulediyo ali wotentha.

Ndinene chimene chikundiopsa. Mawu a amayi ayamba kundithawa. Nkhope ndili nayo pachithunzi, koma ndikayesa kumva mmene ankandiitanira, ndimamva mawu anu kapena a azakhali. Chaka chimodzi chokha, mwana n'kuiwala mawu a mayi ake. Zimandichititsa manyazi ndiponso mantha. Chimene chinatsala osasintha ndi fungo lija basi.

Ndiye mlungu wapitawo Wailesi anadzuka ndi mtima waukhondo. Ine ndili kuntchito, anatulutsa zonse za m'furiji, n'kupeza botolo langa. Atanunkhiza anati chakudya chawonongeka, n'kukhuthulira m'sinki, botolo n'kulitsuka mpaka kuti mbee. Nditafika anandionetsa monyadira. Ndinamukalipira mawu amene sindingalembe pano, mpaka anthu a chipinda choyandikana nafe anagogoda khoma. Kenaka ndinangokhala pansi nditagwira botolo lopanda kanthu. Wailesi anangoti madzi akatayika saoleka, n'kuyamba kulira nane osadziwa kuti tikulira chiyani.

Loweruka aphunzitsi atafunsa funso lawo lija, ndinawauza kuti amwalira. Sanaseke. Anafunsa ngati chivindikiro nachonso chinatsukidwa. Mwamwayi Wailesi anachiiwala pawindo, ndipo ine ndinali nditachiponya m'chikwama changa. Anachitenga, n'kupala ndi mpeni tinkhoko touma tomwe tinakakamira m'mphepete, n'kutithira m'kapu ya madzi ofunda ndi ufa pang'ono. Anati ndipite nayo kunyumba, ndizidyetsa, ndisataye mtima. Patapita masiku angapo ndinapeza thovu pamwamba. Aphunzitsi atandiona ndikusangalala Loweruka linalo anandiuza kuti mtanda wouma sunafe, umakhala uli m'tulo, ndipo wina umadzuka ngakhale patapita zaka. Anawonjezera kuti wina sudzuka, ndipo palibe angalonjeze.

Achemwali, mwadziwa kale kumene ndikupita. Chitini cha mbewu ndikudziwa kuti chinasowa nthawi ya maliro. Koma beseni lokandira lija, loyera la mkombero wabuluu, losupuka mbali imodzi, ndinalisiya pamwamba pa kabati ya kukhitchini litavindikiridwa ndi nsalu. Amayi sankalola kuti likhudzidwe ndi sopo. Inuyo ndinu mboni, paja tsiku limene munalikwecha kuti muwasangalatse munagona khutu likutentha. Kuyambira pamene anadwala palibe anakandiramonso, ndiye m'mphepete mwake muyenera kuti mudakali zouma zija.

Pempho langa ndi limodzi. Musatsuke beseni limenelo, ndipo ana asalitengere kumpopi. Tengani mpeni wouma bwino, mupale zonse zokakamira, makamaka za pansi pa mkombero pamene chala sichifika. Muzikulunge m'pepala loyera, muike mu envelopu, munditumizire. Ngakhale zitangodzaza kasupuni kakang'ono, zikwana. Beseni lenilenilo musungeni inu, ndinu mwaligwirira ntchito.

Sindikudziwa kuti zidzatha bwanji. Usiku ndi usana ndimasinthasintha maganizo, pena ndimaopa kuti sadzadzuka, pena ndimaopa kuti adzadzuka n'kundipeza ndekha m'chipinda muno. Koma inu munawadyetsa mpaka tsiku lomaliza ine ndili kutali. Ndiloleni nanenso ndigwireko supuni. Akadzadzuka ndidzaumitsako mbewu ina n'kukutumizirani, kuti mwana wanu wamkazi adzakhale nayo potuluka pakhomo.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ndathokoza pokonza denga. Moni kwa achimwene ndi akazi awo, kwa azakhali, ndi kwa amalume ngati makutu akuwalolabe kumva. Ana onse muwapsompsone, ndipo wamng'onoyo mumuuze kuti nsapato zake sindinaiwale.

Ndatsala ndi mawu amodzi. Ndikukudziwani, simugona m'nyumba muli chiwiya chakuda, ndipo mwina kalata ino yakupezani mutatsuka kale. Ngati zili choncho, musandiuze. Palani chilichonse chouma m'khitchini ya amayi, kaya ndi pa thabwa, kaya ndi pa mpini wa chipande, muike mu envelopu, mulembe kuti zachokera m'beseni. Ine ndidzakhulupirira, ndipo ndidzawadyetsa.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane.

Ndine mng'ono wanu,
Mzime wa amayi