Amayi Anabwerera M'kalasi la Masamu

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Limbuli ana ali bwino, koma amayi kuiwala kuja kwakula.

Lachiwiri m'mawa ine ndili kumunda, anavala suti yawo yabuluu ija n'kuuyamba ulendo wapansi kupita ku sekondale kumene anali ahedi. Wakabaza wina ndi amene anabwera kudzandiuza. Nditafika ndinawapeza mu Fomu 4, choko chili kumanja, ana onse akuwayang'ana. Anali atayamba kulemba samu pa bolodi, koma inawathera pakati. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana manambalawo. Kenako anatembenuka n'kufunsa ana kuti, "Kodi walemba izi ndani?"

Ahedi atsopano, amene amayi anawaphunzitsa masamu m'kalasi lomwelo, anayandikira n'kunena kuti, "Madamu, nthawi yatha, tidzapitiriza mawa." Amayi anawapatsa chokocho ndi manja awiri, n'kuwauza kuti, "Muziwayang'anira atsikanawa, asasiye masamu." Ine ndinatuluka kukalirira kuseri kwa ofesi.

Pobwerera amayi anandigwira dzanja n'kundifunsa kuti ndine mwana wa ndani, ndipo ndili fomu yanji.

Achimwene, kuchipatala ndikumapita nawo, zimenezo musade nazo nkhawa. Chimene ndikupempha n'chakuti mubwere. Dzina lanu akumalitchulabe akamadya, amafunsa ngati mwaweruka kusukulu. Bwerani Khirisimasi ino dzinalo lisanawachoke m'mutu.

Ambuye akusungeni kumeneko.

Ine mlongo wanu,
Esinati