Mfuti Yakale ya ku Oakville

Amayi, kodi mukupeza bwanji kumene muliko? Ife kuno ku North York tilipo, tikudzuka. Chisanu chatha, kunja kwayamba kutentha. Chibwerereni ku maliro anu ndakhala ngati munthu wobayidwa jakisoni wozulira dzino: ndimatafuna, ndimayankhula, koma sindimva kanthu.

Mng'ono wanga Esinati wachira, ndi mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Anandionetsa pa foni, ndinati ndi wokongola, kenako ndinabwerera kukasambitsa okalamba anga kuntchito. Achimwene akuti chimanga cha m'munda wanu wa kudambo chachita bwino, koma mtedza unawola. Mdzukulu wanu Tadala watalika kundiposa. Ndikamufunsa m'Chichewa amayankha m'Chingerezi. Paja munkati mwana wosatha kupereka moni simumudziwa, ndiye mukanamudula khutu.

Koma chimene ndakulemberani ndi nkhani ya mkamwini wanu, bambo a Tadala. Ntchito yawo ya makompyuta ku Markham inatha chaka chatha. Anafunafuna ina, kenako anangosiya. Kutchalitchi anasiya, mafoni a kwawo sayankha, ndevu sameta. Chimene chatsala ndi kalabu yowombera mfuti kumene mnzawo wa kuntchito anawazoloweretsa kale. Chilolezo ali nacho. Ndinavomereza ndine nthawi imene ankaseka bwinobwino, poti kuno mwamuna akafuna mfuti boma limafunsa mkazi wake.

Tsono boma lanena kuti posachedwapa liletsa kugula mfuti zing'onozing'ono za m'manja, ndipo anthu akuthamangira kugula. Mkamwini wanu anapeza yakale kwa mzungu wina wachikulire ku Oakville. Ndi ija yokhala ndi kagudumu kozungulira koikamo zipolopolo, yopangidwa ku Brazil kalekale, amaitcha magnamu. Tsiku lililonse ankandifunsa ngati chinthu chogwiritsidwa kale ntchito chotere n'choyenera kugula. Ine za mfuti ndidziwa chiyani? Ndinangosangalala kuti munthu wayamba kuyankhula. Anandiuza kuti, "Ndi hobe chabe, chotayitsa nthawi, mayi a Tadala, musawonjeze." Loweruka ndinawaperekeza.

Mzunguyo anali wachilungamo, Amayi, ngati inu pogulitsa nkhuku, paja munkayamba ndi kuulula mwendo wotsimphina. Anaika mfuti ija pa thaulo, yolemera, yakuda, chogwirira chake chathabwa chosalala ndi manja a anthu. Anationetsa kuti kagudumu kayamba kugwedera. Anati zipangizo zake sizibweranso, chikathyoka chinthu basi yatha, ndipo kwa munthu wopita ku kalabu sabata iliyonse siingakhalitse. Anachita kuwauza kuti atakhala iye akanafuna ina.

Mkamwini wanu sanafunse funso ngakhale limodzi. Munthu amene pogula ketulo amatha masiku akuyerekeza mitundu. Anangoinyamula, n'kuyesa kulemera kwake, n'kunena m'Chichewa, osayang'ana aliyense, "Ilibe kanthu. Sikuti ndidzaiwombetsa kambiri."

Mzunguyo sanamve. Ndinamva ndine. Sindinalire. Ndinaona kuti pa thaulopo panali chithunzi cha bakha, ndipo ndinachiyang'anitsitsa mpaka tinatsanzika. Mfutiyo inatsala komweko, chifukwa kuno siituluka m'nyumba ya wogulitsa mpaka a boma atavomereza. Pobwerera anayatsa wailesi m'galimoto, n'kumaimba motsatira. Miyezi yonseyi ndinali ndisanawaone opepukidwa chonchi, ndipo n'chimene chinandiopsa.

Mukukumbukira usiku wa chilangizo changa? Azakhali atamaliza zawo, inu munandigwira bondo n'kunena kuti zofooka za mwamuna wanga ndisadzauze munthu wa kunja, ndidzabwere nazo kwa inu kapena kwa ankhoswe. Ndasunga mawu amenewo zaka zonsezi. Ngakhale za ntchito yawo amayi a kumpingo sadziwa, amayesa akugwirira kunyumba. Koma inu kulibe. Ankhoswe ali ku Ntcheu, ndipo ndikanawaimbira akanati tipemphere, tidzakambirana bwino pa Khirisimasi.

Ndiye Lolemba, pa nthawi yopuma, ndinalowa m'chipinda chochapira zovala za okalamba n'kuimbira ofesi yoyang'anira mfuti. Anayankha mayi wina amene sindidzamuona nkhope. Ndinamuuza zonse: ntchito, kusadya, ndevu, ndi mawu aja. Ndinavula mwamuna wanga pamaso pa mlendo, m'Chingerezi, makina ochapira akulira. Anandifunsa ngati ineyo ndikuopa kuvulazidwa. Ndinati ayi, sindine amene ndili pangozi, ndi iwo eni: ndikuopa kuti adzipha. Anati aimitsa kugulako ndipo adzayankhula nawo.

A ku ofesiyo anawaimbira dzulo. Bambo a Tadala sanakalipe. Anangondiyang'ana n'kufunsa kuti, "Ndinu?" Ndinavomera. Kuyambira pamenepo sanandiyankhulitse. Mwina sadzandikhululukira, ndipo achibale awo akamva adzati ndinawachititsa manyazi kudziko la eni. Ndikudzifufuza ngati ndikumva chisoni, koma sindikupeza kanthu. Ndapangana ndi dokotala kuti awaone Lachinayi, kaya adzapita.

Ndaphwanya mawu anu, Amayi, ndipo sindikupepesa. Pamene ndikulemba pano ali m'bafa, ndikumva madzi akutuluka, ndikumva akutsokomola. Ndikukulonjezani kuti Lachinayi ndidzaima pakhomo nditanyamula jekete lawo mpaka atadzuka, andiyankhule kapena asandiyankhule.

Ndimakukondani.

Ndine mwana wanu,
Lonjezo