Malire Adawoloka Kamtsinje

Amayi, kodi kumene muliko kuli bwanji? Ife kuno tilipo, koma tikugona khutu lili panja.

Ndiyambe ndi zabwino. Mimba mudandisiya nayo ija idabala mwana wamkazi. Tsopano akuyenda, ndipo akakwiya amatukula chibwano ngati inu. Kachewere chaka chino adachita bwino, koma nyemba zidapsa ndi chisanu. Nkhokwe yanu yakale idagwa, tidaluka ina.

Chandilembetsa ndi nkhani ya malire. Masiku anu mudzi wathu unkawerengedwa ku Vila, milandu yonse inkapita kumeneko. Mutangotisiya, kudabwera mzungu ndi asipayo ake, apolisi achikuda a boma aja, nakhoma zikhomo zoyera m'mbali mwa kamtsinje kathu. Adati tsidya lino tsopano ndi la posito, boma laling'ono la ku Domwe, tsidya lija litsala ku Vila. Nyumba zathu zidagwera uku. Madimba, manda amene mwagonamo, ndi mudzi wa mng'ono wanu, amayi aang'ono Anasitaziya, zidatsala uko. Nkhondo itayandikira adalamula kuti wowoloka malire azikhala ndi giya, chilolezo cha ulendo chochokera kwa shefi, mkulu wa positoyo. Tangoganizani, kuyenda mpaka ku Domwe kukapempha kuthirira kabichi amene ndikumuona ndili pakhomo.

Adatinso dera lathu likhale ndi munthu wolilankhulira ku bwalo la boma. Woyamba adali a Lumbe, osoka zovala aja. Adakhalapo kufikira pamene anyamata a kutchire, omenyana ndi boma aja, adawatumizira mawu, iwo nkuthawira ku Dedza makina ali pamutu. Wachiwiri adali a Fabiyao. Iwo adauza bwalo kuti asilikali akulanda mbuzi za anthu. Galimoto idawatenga pakhomo masana, akudya, ndipo mpaka lero akazi awo sadziwa ngati amete kapena adikire.

Wachitatu ndi mwana wanu, achimwene a Zakariya. Palibe adawasankha. Shefi adangofunsa amene amatha Chipwitikizi, anthu nkuyang'ana pansi, mmodzi nkutchula shikola ya ku Fonte Boa ija mudawakakamiza kuti amalize. Munkakonda kunena kuti mutu ukakula sulewa nkhonya, pamenepo mukuwaseka akamabwera ndi mawu achizungu. Sindidaseke tsiku limenelo. Ndidawapempha kuti akane.

"Mlongo, ndikakana adzafunsa kuti wandiletsa ndani," adatero.

Anthu adayamba kubwera pakhomo pawo, nkhani yake imodzimodzi: mukanene za madimba. Tsiku la bwalo adanyamuka pa njinga, kamba amene ndidawamangira nkumuiwala pakhonde. Adandiuza pambuyo pake kuti adalankhula mosamala. Sadatchule asilikali, sadatchule mbuzi. Adangoti zikhomo zalekanitsa khasu ndi dimba, napempha kuti azisunthire kuseri kwa dambo, kuti tsidya lonse lija likhale pamodzi ndi ife. Mzungu wa pabwalopo adafunyulula mapu, nafunsa ngati ndi zimene anthu akufunadi. Achimwene adavomera. Iye adamwetulira nkuvomeranso pomwepo, osanyinyirika.

Atabwerako azimayi a m'mudzi adalulutira. Zikhomo zidazulidwa, tidawoloka opanda giya, ndipo ine ndidakasesa pamanda panu koyamba chiyambire vutoli. Achimwene ankayenda ngati munthu amene watula mtolo.

Titangokolola, shefi adaitanitsa msonkhano. Adati midzi yonse ya dera lathu isamukire ku alidiyamento, mudzi wozingidwa ndi waya kufupi ndi msewu, wolonderedwa ndi mfuti, kuti pasapezeke wodyetsa anyamata a kutchire. Midzi yowerengedwa ku Vila siikukhudzidwa. Mwamva, Amayi? Ife tikadasamuka ndithu, koma a tsidya lija akadatsala m'nyumba zawo zikhomo zikadakhala pomwe zidali. Shefi ankanena m'Chipwitikizi, achimwene nkumamasulira, kotero anthu adamva lamulolo kuchokera pakamwa pa mwana wanu.

Amayi aang'ono adaimirira pakati pa gulu. Sadakweze mawu.

"Zakariya, mwana wa mkulu wanga, ine ndidakutuma kuti ukandilankhulire? Tidali tsidya lathu tili phee. Ndani adakuuza kuti tikufuna kukhala anthu ako?"

Achimwene adangoima, chipewa chili m'manja. Shefi adafunsa kuti mayiyo akuti chiyani, iwo nkuyankha kuti akufunsa za tsiku losamuka. Adanama kuti awateteze, koma amayi aang'ono sadziwa zimenezo, ndipo atiletsa kuponda pakhomo pawo.

Achimwene akuti mzunguyo ankadziwa kale zonse, ankangodikira kuti wina wa ife apemphe yekha. Kaya ndi zoona, ine sindidziwa. Chimene ndikuona nchakuti aonda, malaya akungolendewera. Omwe aja ankadzaza pakhonde pawo tsopano amapatuka akawaona panjira. Sabata yatha adapeza matayala a njinga yawo atadulidwa ndi mpeni, ndipo sitikudziwa ngati ndi wa m'mudzi kapena ndi uthenga wochokera kutchire. Kusiya udindo akuopa za a Fabiyao. Kuthawa ngati a Lumbe sangathe, pakuti alamu anga ali pakati, mwezi wawo ndi uno, ndipo asipayo amadutsa pakhomopo kawirikawiri ngati odzacheza.

Loweruka a tsidya lija ayamba kusasula madenga. Achimwene anena kuti apita kukasenza mitengo ya nyumba ya amayi aang'ono. Ndidawauza kuti kumeneko kuli amuna okwiya okhala ndi nkhwangwa m'manja.

"Ngati akufuna kundimenya, andimenye nsichi yawo ili paphewa panga," adandiyankha.

Munkati chibale ndi fupa, sichiola. Loweruka ndikaona ngati munkanena zoona. Mwana ndimusiya ndi bambo ake, ine ndipita nawo. Powoloka ndikhala patsogolo, amayi aang'ono akatukwana ndikhala chete, ndipo ndikulonjeza kuti sindibwerako ndekha.

Ndine mwana wanu wokukondani ndi kukusowani,
Veronika