Ndinamanga bwino, iye n'kuswa ndi hamala

Winterveld, Juni 2004

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi Amayi. Kuno tilipo, koma Tadala akutsokomolabe. Mphepo ikulowera pa mng'alu wa khoma, pomwe mwanayu amagona.

Sabata yatha mwana wa abwana anga ku Capital Park, munthu wandevu zake, anandipatsa theka la thumba la simenti. Akuti ndimumangire timakoma ting'onoting'ono pa thabwa, mzinda wakalekale woti aziseweretsa ndi anzake. Amakhala patebulo n'kumaponya madayisi, kuyerekeza kuti akusaka chuma m'mabwinja a mafumu. Anati simenti yotsala ikhala yanga.

Ndinamanga monga munandiphunzitsira, makona owongoka, ndikusinira simenti kuti itsaleko ya khoma langa. Mawa lake ataona anaseka. "Ayi Josefe, awa ndi mabwinja, asaoneke atsopano." Anatenga hamala n'kuyamba kuswa ine ndili pomwepo. Kenako akuti ndiwonjezere nsanja yakugwa, manda, ndi masitepe osafika kulikonse. Simenti yonse inathera pamenepo.

Eish, Achimwene, masiku awiri ndakhala ndikukongoletsa ming'alu ya masewera, wanga mng'alu ndabwera kudzautseka ndi nyuzipepala. Iye anangondisisita paphewa, akuti ndine waluso.

Chonde, wina akamabwera ku Joni mumupatsire bulangete lija ndinasiya kwa Amayi. Za chifuwachi musawauze, angadandaule. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Josefe