Za Gemu ya Bambo Eston ndi Bambo Laban Imene Sikutha

KALABU YA CHESI YA KHUYU: MSONKHANO WA KOMITI
Loweruka, 14 Juni 1980, pakhonde pa Wapampando

Analipo: Hamilton Polela (Wapampando), Beatrice Chikoko (Mlembi), Oswald Mataka. Oitanidwa: Eston Malekano, Laban Mwenda.
Sanabwere: Morgan Chisale (ali kumaliro ku Mbungo).

1. Kutsegula
Bambo Oswald anatsegula ndi pemphero lalifupi.

2. Gemu yomaliza ya mpikisano
Wapampando anati gemu ya Bambo Eston ndi Bambo Laban inayamba Pasaka itangodutsa ndipo mpaka lero sinathe. Anakumbutsa komiti kuti wopambana ndiye akaimire chilumba chathu ku Nkhata Bay, ndipo sitima ya sabata yamawa sidzadikira munthu.

Bambo Oswald anati gemu ya anthu abwinobwino imatha masana amodzi, ikatalika awiri. Bolodi ndi limodzi, ndiye mamembala ena onse angokhala, ena abwerera ku bawo. Anati Lachitatu anakaonerera, anapita kukakoka ngalawa, pobwera anapeza Bambo Eston akadagwira m'mwamba chidutswa chomwecho, chotchedwa bishopu.

Bambo Eston anati ku Bulawayo kumene anaphunzira chesi palibe ankathamangitsidwa. Wapampando anati kuno si ku Bulawayo. Bambo Oswald ananena mawu ena amene Mlembi sanawalembe.

Bambo Oswald anapempha kuti Bambo Eston aonedwe ngati ogonja chifukwa chochedwetsa dala. Atafunsidwa katatu chimene amachedwera, Bambo Eston anakana kuchitchula.

Apa Bambo Laban anaimirira nati: "Musiyeni Eston. Maso anga ndiwo atha. Hatchi ndi bishopu ndimazisiyanitsa ndi zala. Iyeyu amachita ngati akuganiza kuti ine ndione kaye bolodi lonse, inu musadziwe."

Wapampando anafunsa chifukwa chake awiriwa sananene kale, komiti n'kumakangana miyezi iwiri pachabe. Bambo Eston anati maso si awo, ndiye sikunali kwa iwo kunena. Bambo Oswald anabweza pempho lawo, koma anati nkhani ya bolodi ikadalipo.

3. Zomwe tagwirizana
(a) Gemu ipitirire Lolemba m'mawa, pabwalo powala, ndipo ithe tsiku lomwelo.
(b) Bambo Eston azitchula mokweza chimene asuntha ndi pamene achiika.
(c) Bambo Laban aziloledwa kugwira zidutswa. Lamulo loti chimene wagwira usunthe lisawakhudze.
(d) Akapambana Bambo Laban, Bambo Oswald adzawaperekeza pa sitima. Anadzipereka okha.

4. Zina ndi zina
Bambo Laban anapempha kuti zilembedwe kuti safuna chisoni cha munthu, ndiponso kuti mfumukazi ya Bambo Eston ili pangozi kuyambira mwezi wa Meyi, mwini wake osaona ngakhale ali ndi maso awiri abwino. Bambo Eston anapempha kupita msanga kukayang'ana bolodi. Analoledwa.

5. Kutseka
Msonkhano wina udzakhala pa 12 Julayi. Wapampando anatseka nthawi ya 4 koloko masana.

H. Polela, Wapampando
B. Chikoko, Mlembi