Belu Linalira Loweruka

Lolemba, 3 Febuluwale

Mabanja a kumunsi kuno: 38
Anthu: 211
Mapazi kuchokera pakhomo panga kufika kusukulu, kumtunda: 1,140
Ine: mphindi 19
A Ester, oyandikana nane, ndi ndodo yawo: mphindi 41
Chaka chatha, mtsinje utasefukira, madzi analowa m'nyumba patatha mphindi 30.
41 – 30 = 11. Mphindi 11 zimenezi zandikhala pamtima.

Lachitatu, 5

Komiti yathu ya ngozi yagwirizana kuti Loweruka tiyeserere kuthawa. Chizindikiro: belu la tchalitchi. A Sidiki, apampando, akuti, "Aphunzitsi, owerenga ndinu. Paja mumawerenga ndi madontho a mvula omwe."

Loweruka, 8

Manyazi. Belu linalira 10 koloko. Kusukulu kunafika anthu 63 okha, ambiri Asilamu. Tinalengeza ndithu, koma kwa ife Akhristu belu likalira tsiku lopanda mapemphero ndiye kuti kwagwa zovuta. Amayi anamanga mipango n'kuthamangira kutchalitchi, komwe kuli m'mbali mwenimweni mwa mtsinje!

A Ester ndinawapeza kumeneko pakhonde, akulira kale.

"Watisiya ndani, achemwali?"

"Palibe."

"Nanga misozi yangayi mundibwezera bwanji?"

Onse anaseka. Ine kuseka kunandikanika.

Lamulungu, 9

Abusa avomera: belu likhale la mapemphero ndi maliro basi. Chenjezo likhala chitsulo cha kusukulu ndi chimkuzamawu cha kumzikiti. A Ramadhani, a kabaza, adzipereka kuti azinyamula a Ester.

Lachiwiri, 11

A Ester akana. "Ine kugwira m'chiuno mwamuna wa eni? Bola madziwo."

Ndinalankhula mphindi 25, osaphula kanthu. Ndiye ndinakwera ineyo, wa zaka 74, amayi onse a pamjigo akuona. Kupita ndi kubwera. A Ramadhani akuti ndimapepuka ngati dengu la usipa wouma. A Ester anangoti, "Mwakhalira molakwika." Anakwera kuti andisonyeze.

Lachinayi, 13

Mvula kumapiri. Kuno dzuwa.

Lachisanu, 14

Chitsulo chinalira 2:10 masana, kunja kulibe ngakhale dontho. Kumzikiti anaitana katatu. Kutchalitchi sikunapite munthu.

Ine ndinali kusukulu kale, ndiye ndinaima pachipata ndi kope. Ndinkalemba aliyense wolowa. A Ester anafika 2:19, atakwinya malaya a Ramadhani ndi manja onse awiri, akukalipa: "Pang'onopang'ono, bambo inu, simunanyamule makala!"

Madzi analowa m'mudzi 2:37.

Kusukulu: 204
Kumsika ku Salima, tawapeza pafoni: 7
Onse pamodzi: 211. Ndawerenga kawiri.
Nyumba zagwa: 5. Yachisanu ndi yanga.

A Ester andiyalira mphasa pafupi ndi yawo mu Sitandade 3.

Tionenji Mateyu (Mayi)