Nyumba Yanu Imene Ndinakaniza Kugwetsa

Amayi anga, kaya kumeneko kwacha bwanji?

Kuno ku York kwacha monga mwa masiku onse, kopanda dzuwa. Ine ndili bwino. Tadala, mdzukulu wanu amene munangomuona pa chithunzi, nayenso ali bwino, kungoti mano awiri akutsogolo aguluka, ndiye akamaseka akufanana ndi inu m'zaka zanu zomaliza. Musakwiye, ndi zoona. Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingerezi, ngati bwana wa ku boma.

Za kumudzi mwina mukuziona nokha, komabe ndikuuzeni monga ndazimvera. Mkazi wa Yohane, mlongo wanga, anachira mu Januwale, mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Akuti ali ndi mawu, akalira agalu a m'mudzi wonse amayankha, ndiye dzinalo silinasochere. Kachewere wachita bwino chaka chino. Chimanga ndiye chapereweza chifukwa feteleza anafika mochedwa. Mjigo wa pa sukulu unathyokanso, amayi abwerera kukatunga ku dambo.

Ku Sheffield, kumene ndinkakhala kale, ndinachokako mutangomwalira. Sindikanatha kupirira chifundo cha anamwino a kwathu aja. Ankabwera kudzandipepesa atavala makhoti odula, akamaliza kupemphera n'kuyamba kundifunsa kuti, "Nanga digiri ija mudzamaliza liti, asisi?" Anthu oti ku sekondale ankakopera masamu kwa ine. Zoti malo anga a ku yunivesite anatha inu munadziwa kale musanapite, ndipo munangoti, "Mutu sanakulande, anakulanda mpando." Mutuwo ndikadali nawo, amayi. Ndimakolopa nawo.

Mzinda uno ndi wokalamba. Wazunguliridwa ndi linga la miyala lotakata, moti anthu amayenda pamwamba pake ndi agalu awo, ndipo nyengo ino m'munsi mwake mwaphuka maluwa achikasu osadzala munthu. Pakati pali tchalitchi chachikulu ngati phiri, chimene sichitha kukonzedwa. Akamaliza mbali ino, mbali inayo yayamba kufumbutuka, ndiye amisiri osema miyala amayamba ntchito ali anyamata n'kukalambira pa khoma lomwelo. Pansi m'katimo anaikamo maliro, anthu n'kumaponda pa mayina a akufa ndi nsapato zamatope, uku akuyang'ana kudenga. Ine ndinalowamo kamodzi, ndinkadumphadumpha ngati ndikuoloka mtsinje pa miyala, mpaka wapakhomo anandifunsa ngati mwendo ukundipweteka. Palinso kanjira kena kopapatiza kumene kale kunali ogulitsa nyama. Nyumba zake zinaweramirana ngati amayi a mvano akunong'onezana miseche. Kwathu tikanati thawani, zikugwa. Kuno amazijambula. Madzulo mwamuna wina wovala chipewa chachitali chakuda amatsogolera alendo kukaona nyumba zimene akuti muli mizukwa, ndipo alendowo amapita okha, mwakufuna kwawo, akudya tchipisi.

Ntchito yanga ili m'nyumba ina yotero. Inali ya munthu wamalonda amene anafa kalekale, ndipo ngakhale adzukulu a adzukulu ake sadziwika kumene ali. Simukhala munthu. Muli bedi losagonapo aliyense, mipando yomangidwa chingwe kuti wina asakhalepo, ndi mbale zosadyera. Ine ndimafika m'mawa alendo asanalowe, kupukuta fumbi ndi kukolopa.

Sabata yanga yoyamba ndinachita zoti mukanaseka mpaka kutsokomola. Ndinaona pamoto pa m'nyumbamo pali bii, mwaye wokhuthala ngati chikopa, ndiye ndinati azungu awa ndi auve koma lero aona mwana wa ku Dedza. Ndinatenga sitiliwulu ndi sopo, ndinagwada, ndinakwecha mpaka mwala unayamba kuoneka. Akulowa Maureen, mayi amene amayang'anira nyumbayo, anagwira pamtima ngati waona ngozi ya basi.

"Felesiya, wachita chiyani? Mwaye umenewo ndi wakale kuposa dziko lako!"

Ine ndinati, "Dziko langa linalipo, mayi, kungoti inu munali musanalipeze. Ndipo kwathu mkazi wosiya mwaye chonchi timamubweza kwa amake."

Ntchito inatsala pang'ono kutha tsiku lomwelo. Anakhala osandilankhula mpaka Lachisanu, kenaka anadzandipatsa kaburashi kofewa ngati ka ndevu, n'kunena kuti m'nyumba muno sitichotsa ukalamba, timangochotsa fumbi. Panopa timamwera limodzi tiyi. Ndi munthu wabwino, ngakhale ndimaonabe kuti pamotopo m'pauve.

Ndakuuzani zonsezi kuti mumvetse zimene ndinachita ndi nyumba yanu, chifukwa nkhani imene ndakhalira pansi kuti ndikulembereni ndi imeneyo.

Chitakwana chaka chimwalirireni inu, amalume a Lufeyo anandiimbira pa foni ya Yohane. Anati akakolola aphika mowa wokukumbukirani, ndipo ukatha mowawo siwa, nyumba yosiya womwalira, igwe monga mwa mwambo, popeza munatsirizikira m'nyumba momwemo. Mawu akuti siwa aja anandibaya. Nyumba yanu, ya njerwa zootcha, ya malata, n'kumaitchula ngati kachisakasa ka udzu! Lilime langa mumalidziwa, ndinatengera kwa inu koma langa lilibe mabuleki. Ndinawauza kuti kuno anthu akusunga nyumba ya munthu amene mafupa ake anasanduka dothi, pamene iwo chaka chimodzi chokha nkhwangwa zili kale m'manja. Ndinati mwambo wawowo ndi ulesi wovala mkanjo. Ndinati aliyense wokhudza njerwa imodzi adzandiona.

Amalume anangoti, "Tidzakuona liti, mwana iwe?"



Anapitiriza mofatsa. "Amako ananena pamaso pa anthu kuti nyumbayi ndi yako. Sitigwetsa iwe usanalole. Koma ngati ukuifuna, bwera udzakolezemo moto."

Akudziwa bwino kuti sindingabwere. Nkhani ya mapepala anga ikadali kwa maloya, ndipo ndikangotuluka m'dziko muno chitseko chitsekeka kumbuyo kwanga. Tadala anabadwira kuno, sukulu yake ili kuno, mankhwala a chifuwa chake chija ali kuno. N'chimene chinandilepheretsa kubwera kudzakuikani, n'chimenenso chikundimangabe. Koma ndinaumirira. Ndinati nyumba ikhale, ndipo inakhaladi, yotseka, mvula yonse yachiwiri.

Ndinayesa kuuza Yohane kuti asamukiremo ndi banja lake. Anati, "Achemwali, inu muli kutali, simumva zimene ife timamva." Akuti anthu odutsa amamva wina akutsokomola m'katimo. Ndinamuuza kuti ndi mileme, ndipo ngati ali amayi, nanga akuopa chiyani, si amene anamubereka? Anangoseka mwaulemu. Mkazi wake sasesa mbali imeneyo. Ana anasiya kanjira kodutsa pakhomo panu, anatsegula kena kozungulira kuseri kwa nthochi. Chiswe chinalowa m'mapaso. Lata limodzi linauluka ndi mphepo, ndipo palibe amene anakwera kukalibwezera. Ine kuno ndinkangolamula pa foni, n'kumadziona ngati mwana yekhayo amene amakukondani.

Mwezi wa Febuluwale mtsinje wa mu mzinda uno unasefukira. Umatero kawirikawiri, anthu anazolowera, koma ulendo uno madzi anafika mpaka mu msewu wathu n'kuyamba kulowa m'chipinda chapansi cha nyumba ya wamalonda ija. Amayi, mukanaona anthu. Mwamuna wa Maureen, wogulitsa buledi wa pakona, ana a yunivesite, agogo ena oyendera ndodo amene ntchito yawo inali kungokalipira anzawo, onse anabwera osaitanidwa. Ena ankaunjika matumba a mchenga pakhomo, ena tinkanyamula mipando ndi mabokosi kukweza m'chipinda cham'mwamba. Ine ndinali m'madzi ofika m'akakolo, ozizira ngati akuluma, nditasenza bokosi pamutu, azungu n'kumandiombera m'manja ngati ndachita matsenga. Pofika masana zonse zinali zitapulumuka. Tinamwa tiyi titaimirira, aliyense akunjenjemera uku akuseka.

Sabata yomweyo Yohane anaimba. Anazungulira kaye, za mwana, za mbuzi, za mvula. Ndinati, "Iwe, nena chimene waimbira." Anati khoma la kuchipinda kwanu lagwa ndi mvula ya usiku wa Lamulungu. Ndinafunsa za katundu wanu. Anati mphasa yanu, mtsuko uja ndi mpando wa ndalema zili pomwepo, zikuvumbwa, palibe amene walimba mtima kulowamo. Ndinafunsa ngati atchingapo ndi kanthu. Anati, "Achemwali, mbuzi zikugona pamene ankagona amayi."

Ndinali pa siteji ya basi pafupi ndi chipata chimodzi cha linga lija. Basi inabwera, inaima, inapita. Yachiwirinso chimodzimodzi. Chimwalirireni inu ndinali ndisanalire bwinobwino, chifukwa maliro a pa foni salirika, umangoti zikomo pondiuza n'kupita ku ntchito. Tsiku limenelo ndinalira ngati mmene tikanalirira kwathu, mokweza, ndi mawu. Mayi wina anandipatsa kapepala kopukutira mphuno n'kuthawa.

Munkakonda kunena kuti nyumba ndi utsi, ikasiya kufuka yafa. Ndinkaganiza kuti ndakupezani bodza, popeza kuno ndimaona nyumba zosafuka zili chiimire. Koma nyumba ya wamalondayu ili chiimire chifukwa ili ndi manja pafupi, anthu oti madzi akabwera amathamanga. Yanu ndinkaisunga ndi pakamwa, ndili kutsidya kwa nyanja, ndipo chimene ndakusungirani ndi khola la mbuzi.

Ndikukumbuka mmene munaimangira. Atate atapita ku Joni osabweranso, anthu ankati mkazi yekha sangaotche uvuni. Inu munakumba dothi kuseri kwa chulu, ine ndi Yohane tinkaponda matope mpaka miyendo kuchita dzanzi, inu mukuumba, chikombole chili m'manja, mukutinyoza kuti tikuponda ngati tikuopa kudzutsa nyerere. Malata munkagula limodzilimodzi mukagulitsa kachewere pa msewu, n'kumawasunga pansi pa bedi, moti chaka china bedi linakwera mpaka tinkachita kukukankhani kuti mukwerepo. Tsiku lokhoma denga munaimirira pabwalo manja ali m'chiuno, kungoyang'ana onse amene ankakusekani, mmodzimmodzi. Munthu wotero sindingamusiye kuti nyumba yake izigwa pang'onopang'ono ngati ya chidakwa, anthu akuloza.

Choncho dzana ndinawaimbira amalume. Ndinawapatsa moni wonse, mwaulemu, mpaka anadabwa n'kufunsa ngati ndikudwala. Ndinati ndalola. Ndinangopempha kuti asatume anyamata oledzera, kuti amayi a kumpingo kwanu abwere adzaimbe, ndiponso kuti chitseko achotse Yohane ndi manja ake, asachite kuchithyola. Katundu wanu amutulutse kaye, asagwetsere khoma pa mphasa yanu. Anavomera zonse. Pomaliza anati, "Wakula tsopano, Felesiya."

Ndinati, "Sindinakule, amalume. Ndatopa."

Agwetsa Loweruka likubwerali, m'mawa. Ndapempha kuti tsiku limenelo ndisapite ku ntchito. Maureen anafunsa chifukwa chake, ndipo nditamufotokozera anatong'ola maso. Anati, "Koma palibe lamulo loteteza nyumba ngati imeneyo?" Ndinamuuza kuti lamulo lake ndinali ine.

Tsono amayi, ine za kutsokomola zija sindizikhulupirira, mukundidziwa. Koma ngati mukadali m'menemo, ngati munkadikira kuti mwina ndibwera ndidzatsegule mawindo, chonde tulukani Lachisanu dzuwa lisanalowe. Musadikire kuti fumbi likupezeni. Pitani kwa Yohane mukaone kamwana kamene katenga dzina lanu, kapena pitani mukapume kumene anakugonekani. Musawakwiyire amalume, iwo adikira mokwanira. Mukafuna wokwiyira, mukudziwa kumene ndili.

Sindikuuzani tsiku lobwera, chifukwa ndanamizidwa kokwanira ndi anthu olonjeza masiku ndipo sindifuna kukunamizani inu. Koma ndidzabwera, ndi Tadala. Ndikadzatsika basi sindidzakhala ndi khomo loti ndigogode, ndiye sindidzapatukira kwa aliyense. Ndidzabwereka khasu kwa woyamba kukumana naye, ndibwere molunjika kumene muli, ndidzakulambulireni udzu ndi manja anga.

Ndine mwana wanu wokukondani, wamakani uja,

Felesiya